Lamba wa Bowo Limodzi

M'dziko la Pompopompo anthu sadziwa kudikira. Mlimi akadzala chimanga m'mawa, madzulo amapita ndi dengu kukaona ngati chakhwima. Mlatho amaumanga Lolemba, amautsegulira Lachiwiri ndi magule, ndipo ukakokoloka Lachitatu palibe amadandaula, chifukwa aliyense anaona ndi maso ake kuti ntchito inayenda msanga. Mawu akuti "pang'onopang'ono" kumeneko ndi chipongwe. Ndi dzina la dziko loyandikana nalo, ndipo amalitchula akafuna kunyoza munthu.

Nthawi imene izi zinachitika, amene ankalamulira anali Mfumu Mwadyanji Wachinayi, munthu wa mtima wabwino ndi mimba yabwino koposa mtimawo.

Tsono ufumu wa ku Pompopompo sunkakhala pa mpando kapena pa chisoti. Unkakhala pa lamba. Lambayo anali wa chikopa cha mvuu, anasiyidwa ndi makolo, ndipo anali ndi bowo limodzi lokha. Chaka chilichonse anthu akatha kukolola, pa Tsiku la Lamba, mfumu inkavula mkanjo pamaso pa onse, n'kumangidwa lambayo pamimba yosavala, kenako n'kuyenda manja ali m'mwamba kuchokera pa mtengo wa mbawa kukafika pa mpando wachifumu. Lamba akakana kukumana, kapena akapululuka n'kugwa pansi, ndiye kuti ufumu wagwa. Zikatero ankamuyesa pa mwamuna aliyense amene ali pabwalopo, ndipo yemwe wamukwana ndiye mfumu. Makolo ankati munthu wokhuta saba kwambiri. Mbiri ya dzikolo sinawavomereze, koma mwambo ndi mwambo.

Pakati pa chaka palibe ankaloledwa kumukhudza lambayo, ngakhale mfumu imene. Ankakhala m'dengu lovundikira, m'manja mwa a Nangondo, mlongo wamkulu wa mfumu, mayi wosaseka ndi mwambo.

Chaka chapitacho zinthu zinatsala pang'ono kuipa. Kuti lamba afike pabowo, asilikali anachita kukoka uku ndi uku, mfumu itagwira mpweya mpaka maso kufiira. Mwambo utatha, a Nangondo anainong'oneza kuti, "Achimwene, chaka chamawa lambayu sakumana. Chepetsani."

Kunena n'kosavuta. Mwadyanji sankaponda pansi. Kuchoka kuchipinda kupita kubwalo la milandu, pa machila. Kupita kubafa, pa machila. Ankadya m'mawa, chakum'mawa, masana, chakumasana ndi madzulo, ndipo pakati pa zakudyazi ankatafuna kanyenya kuti m'kamwa musasungulumwe. Milandu ankaweruza akuodzera, moti munthu wina woberedwa mbuzi analamulidwa kupepesa wakubayo chifukwa mutu wa mfumu unagwedera pa nthawi yolakwika. Nayenso mkazi wake wamng'ono, Edesi, anali atakadandaula kale kwa ankhoswe kuti abambo akalowa kuchipinda ntchito yawo ndi mkonono basi.

Choncho mfumu inasonkhanitsa nduna, n'kuitanitsa dokotala wa kunyumba yachifumu, mayi Kamwendo. Dokotalayo anaipima magazi, mtima ndi mawondo, kenako anavula magalasi.

"Gogo Chalo, ndapima zonse. Matenda anu ndi machila."

"Machila?"

"Inde. Muziyenda wapansi tsiku ndi tsiku. Nyama ndi mowa muchepetse, masamba muwonjezere, ndipo muzigona nthawi yogona, osati nthawi ya milandu. Mimba itsika, mphamvu zibwerera zokha."

"Nanga mankhwala?"

"Mankhwala alipo, Gogo Chalo, ndipo amathandiza anthu amene akudwaladi, dokotala akuwayang'anira. Inu simukudwala. Mwangokhala pansi nthawi yaitali."

"Chabwino. Tsono zimenezi ziyamba kuoneka liti? Mawa?"

"Pakapita miyezi. Thupi limayenda pang'onopang'ono."

M'bwalo munamveka "Haa!" ngati wina watukwana pamaliro. Nduna Yaikulu, a Mvomereni, amene anakwera udindo chifukwa cha khosi lofewa pogwedeza mutu, anadzuka atagwira pamtima.

"Mwadzimvera nokha, akuluakulu! Mayiwa akufuna Gogo Chalo aziyenda wapansi ngati wosaka ganyu, azidya bonongwe ngati mbuzi! Ndiye osati zokhazo, atitchulira dziko lija pamaso pathu!"

Ku Pompopompo munthu wonena zoona sam'manga, n'kulakwa kumeneko. Amam'kweza pantchito n'kum'tumiza kutali. Dzuwa lisanalowe, mayi Kamwendo anali atasankhidwa kukhala kazembe ku dziko la Pang'onopang'ono, ndipo katundu wawo anali kale pa lole.

Posakhalitsa kunyumba yachifumu kunaima galimoto yakuda yonyezimira. Choyamba kutuluka inali mimba, kenako mwini wake anatsatira. Anati dzina lake ndi Pulofesa Chizalero, ndipo anaphunzira za matupi a anthu olemekezeka kutsidya kwa nyanja yamchere. Anatulutsa kamakina kokhala ndi kanyali, n'kukapanitsa pa chala cha mfumu. Kanyaliko kanayaka kofiira.

"Mayo ine," anatero Pulofesa akupukusa mutu. "Gogo Chalo, kodi mukadya mumaodzera?"

"Kwambiri."

"Mukakwera masitepe mumapuma wefuwefu?"

"Ine sindikwera, koma ndikaona ondinyamula akukwera ndimatopa."

"Nanga kuchipinda kuja, tambala amalira?"

Mfumu inayang'ana pansi.

"Basi, ndadziwa! Mphamvu zachimuna zatsikira kuzidendene. Koma si vuto lanu, Gogo Chalo. Si machila, si nyama, si mowa. Ndi magazi anu akukuchitani chipongwe."

Kwa munthu wamkulu palibe mawu okoma kuposa akuti si vuto lanu. Kamakina kaja kanayesedwa pa nduna zonse, ndipo kanayaka kofiira pa aliyense. Mwangozi kanagwera pa mwendo wa mpando wachifumu, n'kuyakanso kofiira. A Mvomereni anafotokoza msanga kuti mpandowo nawo ndi wakale, n'zosadabwitsa kuti mphamvu zinauthera.

Pulofesa anatsegula chikwama. Munali jakisoni wotchedwa Phwamsanga, wobaya pamimba kuti njala ithawe, ndi mafuta otchedwa Tambala Wadzuka, opaka m'mapewa m'mawa ulionse.

"Ndiye kuyenda wapansi kuja?" inafunsa mfumu.

"Gogo Chalo, mankhwalawa ndi amene aziyenda m'malo mwanu. Inu khalani phee."

A Nangondo, ali pa mphasa yawo, anayang'ana mabatani a jekete ya Pulofesa, omwe ankaoneka kuti akupempha chifundo.

"Bambo, nanga inuyo jakisoni ameneyu munabaya?"

"Amayi, wophika amadya pomaliza. Ndiyambe ndachiza dziko."

Nduna zinaomba m'manja chifukwa cha kudzichepetsa kotere. Mfumu inasangalala tsiku limenelo kuposa tsiku la ukwati wake, itaiwala kuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Ku Msika wa Tidyenji nkhani imafika isananyamuke kumene ikuchokera. Galimoto yakuda ija itadutsa, mayi Esinala, ogulitsa matemba ndi tomato, anaitana Fulaisoni wa kabaza, amene ankapopa tayala pafupi ndi benchi lawo.

"Iwe Fula, wakhala kumbuyo uja si Faniwelo? Uja ankagulitsa mankhwala a makoswe pa depoti?"

"Ndi yemweyo, mayi. Pano akuti ndi Pulofesa."

"Pulofesa wa chiyani? Ine ndinagulako mankhwala ake aja. Anapha makoswe, anapha mphaka, anamaliza ndi nkhuku zanga zonse. Nditakadandaula anati ndiye kuti agwira ntchito bwino."

"Pano akuphwetsa mimba za akuluakulu."

"Ayambe yakeyo," anatero mayi Esinala, n'kupitiriza kuunjika tomato.

Kunena zoona, jakisoni anagwira. Mfumu ikaona mbuzi yowotcha inkachita nseru. Masaya analowa, khosi linaoneka, ndipo tsiku lina m'bafa Mwadyanji anaona zala za kumapazi kwake, n'kuzilonjera ngati abale amene anasowa kalekale. Koma a Mvomereni sankakonda kuona mfumu ili ndi mtendere popanda thandizo lawo. Anagwada pafupi ndi khutu lachifumu.

"Gogo Chalo, inu mukuphwa, koma ena sakuphwa. Mimba ya munthu wina masiku ano ndi chiwembu. Mwini wake akuyang'ana lamba."

Lamulo linalengezedwa pa wailesi tsiku lomwelo. Nduna iliyonse, mfumu yaing'ono iliyonse, msilikali, wapolisi, mwini golosale, m'busa wa mpingo, mwamuna aliyense amene akaimirira satha kuona mapazi ake, abaye Phwamsanga ndi kupaka Tambala Wadzuka. Pulofesa yekha ndiye anakhululukidwa, chifukwa dzanja lobaya dziko lonse silifunika kunjenjemera ndi njala.

Kukhitchini ya mfumu sanasiye kuphika. A Mvomereni anati utsi ukasiya kufuka kunyumba yachifumu, maiko ena aganiza kuti kwagwa chilala. Choncho tsiku lililonse mbuzi zinkaphedwa, nkhuku zinkakazingidwa, mpunga unkadzaza mabeseni, ndipo nduna zinkakhala mozungulira tebulo zikumwa madzi ofunda. Pulofesa, munthu wosakonda kuona chakudya chikutayidwa, ankadzipereka yekha.

Tambala uja anadzukadi, koma anadzukira kolakwika. Misonkhano ya nduna inasanduka bwalo la nkhonya. Nduna ya Zamtendere inaluma khutu Nduna ya Zamaphunziro polimbirana mpando wa pazenera. Mfumu inatuluka ziphuphu ngati mnyamata wa sitandade eyiti, ndipo m'mawa wina inalengeza nkhondo ndi dziko la Pang'onopang'ono chifukwa ng'ombe yakumeneko inalira itayang'ana kuno. Asilikali ananyamuka ndi ukali woopsa, koma pofika pa mtsinje wa m'malire anali ndi chizungulire, dzanja lina mfuti, linalo litagwira buluku kuti lisavuke. Anthu a tsidya linalo anawamwetsa thobwa, n'kuwalozera njira yobwerera.

Mafuta aja ankatsaliranso pa mapilo ndi pa matawulo. Edesi anayamba kumera ndevu. Analowa m'bwalo la nduna osaodira, n'kulankhula ndi mawu amene anagwedeza mawindo.

"Abambo, ine ndinapempha kuti m'nyumba muja mukhale mwamuna. Sindinati mwamunayo ndikhale ineyo."

Apolisi nawo anafika ku Tidyenji ndi chingwe choyezera mimba. Anazungulira msika wonse, kuyambira kwa amakala mpaka kwa akaunjika, osapeza woti n'kumubaya.

"Musavutike, abwana," anatero mayi Esinala. "Ife tinabayidwa kalekale. Jakisoni wathu ndi mtengo wa chimanga, ndipo ameneyo sasowa ngati mankhwala a kuchipatala."

"Za mphamvu zachimunazo," anawonjezera Fulaisoni, "tabwerani mupalase njingayi mutanyamula mayiwa ndi dengu lawo, mukwere chitunda cha kwa Tsikirani. Mukatero mudzatiuze ngati zatsika."

Masana a tsiku lomwelo mfumu inadutsa pamsikapo kuti anthu asilire thupi lake latsopano. Onyamula machila ankayenda akuimba, chifukwa katundu anali atapepuka. Koma anthu ataona kamunthu ka mafupa okhaokha katamira mu mkanjo, amuna anavula zipewa, amayi anayamba kulira. Pofika madzulo, kunyumba yachifumu kunali nkhuni, ufa ndi nkhuku za chipepeso, ndipo kwaya inali itayamba kale nyimbo. Ku Pompopompo ngakhale maliro sadikira kuti munthu afe.

Apa ndi pamene Mwadyanji anagwidwa ndi mantha enieni. Nkhokwe zinali zitadzaza, ndipo Tsiku la Lamba linali pakhomo. Anaitanitsa Pulofesa, amene anafika akupukuta mafuta pakamwa.

"Pulofesa, zakwana. Tileke jakisoni, ndiyambe kudya. Lamba uja andipululuka."

"Mutha kuleka, Gogo Chalo, koma njala sibwera mawa ayi. Mankhwalawa amachedwa kutuluka m'thupi."

"Amachedwa? Munati ndi a msangamsanga!"

"Kulowa kwake, Gogo Chalo. Kutuluka ndi pang'onopang'ono. Ndiye njalayo ikadzabwera idzabwera ndi achibale ake, mimba idzaposa kale. Mafutawo ndiye musayerekeze kuleka, thupi lanu linaiwala kupanga mphamvu zake zokha. Mankhwalawa ndi ukwati, si chibwenzi."

"Bwanji simunanene poyamba?"

"Simunafunse, Gogo Chalo. Koma musadandaule, ndili ndi ena."

Anatulutsa mapiritsi otchedwa Fufumani. Mfumu inameza ndi chikhulupiriro chonse, ndipo m'mawa mwake inapeza akakolo atatupa bwinobwino, mimba ili pomwe inali. Inayesa kudzikakamiza nyama yonona, koma nthuli iliyonse inkabwerera njira yomwe yadzera.

Pomaliza inalamula kuti aitengere kwa a Nangondo, a Mvomereni akutsatira pambuyo. Itafika inatsika pa machila n'kugwada pakhonde, chinthu chimene sichinaonekepo.

"Achemwali, tiboole kabowo kena pa lamba, kamodzi kokha. Ndi msomali wotentha. Palibe angadziwe."

A Nangondo anamva chisoni, chifukwa uyu anali mwana amene anamubereka kumbuyo ali khanda. Koma dengu sanalikhudze.

"Achimwene, bowo ndi limodzi kuyambira kwa makolo. Ine ndinati muchepetse, sindinati muthe."

"Musade nkhawa, Gogo Chalo," anatero a Mvomereni. "Poyerekeza ndi ife tonse, inu ndinu chimunthu."

"Lamba sayerekeza," anayankha a Nangondo, n'kulowa m'nyumba.

Tsiku la Lamba bwalo linadzaza. Ng'oma zinalira, nthungululu zinamveka mpaka kumsika. Mfumu inatsitsidwa pansi pa mbawa n'kuvula mkanjo, ndipo amene anali kutsogolo anaona nthiti zonse popanda kuchita kusuzumira. A Nangondo anatsegula dengu, anazunguliza lamba m'chiuno mwa mlongo wawo, analowetsa chitsulo pabowo. Mwadyanji anakoka mpweya wonse wa pabwalopo, anatukumula mimba imene analibe, n'kukweza manja.

Anangoponya phazi. Lamba anatsetsereka mwaulemu kudutsa m'chiuno ndi m'mawondo, anaima kanthawi pa akakolo otupa aja ngati akutsanzika, kenako anagwa pafumbi.

Ng'oma zinaleka. Kunali zii, moti mbuzi ya kuseri kwa bwalo inamveka ikutafuna.

"Ufumu wagwa," anatero a Nangondo. "Amuna, fikani."

Woyamba kufika anali a Mvomereni, atakankha anzawo ndi zigongono, ataiwala kuti dzulo lake lomwelo analumbira kuti adzafera Mwadyanji. Lamba anagwa asanakweze n'komwe manja. Zinatsatira nduna zina, akuluakulu a asilikali, mafumu aang'ono, eni magolosale ndi abusa. Onse anali atabaya mokhulupirika monga lamulo linanenera, ndipo onse lamba anawadutsa ngati sakuwadziwa. Kenako inafika nthawi ya anthu wamba. Fulaisoni analowa m'kati mwa lamba, n'kuyang'ana malo otsala.

"Amayi, ndibweretse ndi njinga yomwe?"

Anthu anaseka, koma akuluakulu anayamba kutuluka thukuta. Dzuwa linali litapendeka, ndipo dziko la Pompopompo silingadikire mfumu mpaka mawa. Ndipamene mayi Esinala anakuwa kuchokera kumbuyo.

"Amayi, mwasiya mmodzi! Uyo ali pamthunziyo!"

Maso onse anatembenuka. Pansi pa tenti ya alendo panali Pulofesa Chizalero, yekha, akulimbana ndi mwendo wa mbuzi.

"Koma ameneyo ndi mlendo!" anatero a Mvomereni.

"Mlendo wa kuti? Ndi Faniwelo wa pa depoti ameneyo. Mchombo wake unagwera konkuno!"

"Mwambo umati mwamuna aliyense amene ali pabwalo," anatero a Nangondo. "Bambo, fikani."

Pulofesa sanakane nthawi yaitali. Anavula jekete, mabatani aja n'kupumula. A Nangondo anazunguliza lamba pa mimba imene inadyera nduna zonse kwa miyezi yonseyi, ndipo chitsulo chinalowa pabowo chokha, popanda msilikali wokoka. Pulofesa anakweza manja, fupa la mbuzi likadali m'dzanja, n'kuyenda kuchokera pa mbawa kukafika pa mpando. Lamba sanasunthe ngakhale pang'ono.

Ng'oma zinayambiranso. A Mvomereni anali kale chigwadire m'fumbi.

"Gogo Chalo! Chizalero Woyamba! Ine ndinazionera patali zimenezi!"

Mwadyanji anafika pafupi ndi mpando umene unali wake m'mawa wa tsikulo, dzanja limodzi litagwira buluku. Sanakwiye. Ukali wa m'mafuta uja unali utamuthera, kutatsala chisoni chokha.

"Pulofesa, munati wophika amadya pomaliza. Tonsefe tabaya. Nanga inu mubaya liti?"

Mfumu yatsopano inasisita lamba pamimba, n'kumwetulira mwachifundo.

"Bambo Mwadyanji, pa depoti paja ndinagulitsa mankhwala a makoswe zaka zambiri. Mukafunse ngati alipo anandionapo ndikulawa."

Mwadyanji anatembenuka kufuna machila, koma onyamula anali atagwada kale kutsogolo kwa mwini wake watsopano, nyimbo zija zitawathera. Mayi Esinala anamasula luzi pa dengu lawo n'kumupatsira. Iye anamanga nalo buluku, anafunsa njira ya kwa achemwali ake, n'kuyamba kuyenda wapansi, pang'onopang'ono, monga Dokotala Kamwendo ananenera.